Memori yosaiwala magetsi akazima: EEPROM, flash, FRAM, MRAM kapena ReRAM?

Nkhaniyi ndi ya amene mukupanga kachipangizo koyeza zinthu n'kumasunga manambala kokha kutchire: ophunzira a uinjiniya ku MUST ku Ndata, amisiri a m'minda ya tiyi ya Thyolo ndi Mulanje, ndi amene mukufuna kuika choyezera mvula kapena kuya kwa madzi m'mbali mwa Ruo, Likhubula kapena Thuchila. Amene anaona zimene mitsinje yochokera m'phiri inachita pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 akudziwa vuto lake: sabata imene manambala akufunika kwambiri ndi yomweyo imene dzuwa silioneka, sola sikutchaja, ndipo batire ikufera m'bokosi. Memori imene mwasankha iyenera kupulumuka sabata imeneyo.

ReRAM, imene imasunga deta posintha resistance (kukana kudutsa kwa magetsi) ya kachidutswa kopyapyala ka oxide (chitsulo chosakanikirana ndi okosijeni), ndiyo ikutchuka m'mapepala a kafukufuku. Tiiyeza pa sikelo imodzi ndi zinzake zakale, chifukwa kutchuka m'mapepala sikutanthauza kuti ndiyo yoyenera bokosi lanu.

Zoyenera kuwerengera musanagule

Yambani ndi kuchuluka kwa deta. Titenge chipangizo chimene chimalemba mabayiti 32 mphindi 10 zilizonse: nthawi, mvula, kutentha, chinyezi, voteji ya batire ndi CRC (kanambala kotsimikizira kuti deta sinawonongeke). Mabayiti 32 amenewa tiziwatcha mzere. Patsiku chimalemba ka 144, ndiye kuti mabayiti 4,608. Pachaka ndi ka 52,560, pafupifupi 1.7MB. Chitsanzo chimenechi tichigwiritsa ntchito mpaka kumapeto.

Chachiwiri, chimene ambiri amachiphonya, ndi kuti malo amodzi alembedwa kangati. Deta yeniyeni imayenda, lero apa mawa apo, koma kanambala kokumbutsa pamene munalekezera kamalembedwa pa adiresi yomweyomweyo. Ka 52,560 pachaka pamalo amodzi si nkhani yaing'ono kwa memori imene inalonjezedwa kupirira kulembedwa ka 100,000. Chimodzimodzi kauntala ya choyezera mvula cha kachidebe kopendekeka: ngati kamapendekeka pa 0.2mm, mvula ya 100mm ndi ka 500 usiku umodzi.

Chachitatu ndi chimene chimachitika magetsi akadukira pakati pa kulemba. Apa pali masamu ophweka. Capacitor (kachida kosunga magetsi pang'ono) yoti ikupirizeni mpaka kulemba kuthe ndi C = I × t ÷ ΔV, pamene I ndi karenti imene dera lonse likudya, t ndi nthawi yolemba, ndipo ΔV ndi kutsika kwa voteji kumene mungalole. Memori yolemba msanga imafuna capacitor yaing'ono. Yochedwa imafuna yaikulu, kapena imakusiyirani deta yothyoka.

Zotsalazo n'zodziwika: karenti imene chipi imadya pogwira ntchito ndi pogona, kutentha kwa m'bokosi lakuda loikidwa padzuwa mu Okutobala, chinyezi cha chiperoni chimene chimalowa ngakhale pamene mumati mwatseka, ndiponso ngati chipiyo ingapezeke popanda kudikira miyezi iwiri. Mitengo tiitchula m'madola komanso mongoyerekeza, chifukwa ya makwacha imasintha nkhani isanawerengedwe n'komwe, ndipo pa katundu wochepa ndalama yotumizira ndi msonkho zimaposa mtengo wa chipi.

EEPROM

Mtengo: Yotsika kuposa zonse ngati mukufuna malo ochepa. AT24C256, ya 32KB, siifika dola imodzi. Ina mumakhala nayo kale osadziwa: ATmega328P, microcontroller (kakompyuta ka chipi imodzi) ya pa bodi ya Arduino Uno, ili ndi 1KB mkati, ndipo kabodi kotchuka ka wotchi ya DS3231 kamabwera ndi AT24C32 ya 4KB pa adiresi 0x57.

Kupezeka: Kosavuta. Machipi a 24C amapezeka m'ma TV ndi mawailesi akufa kwa aliyense wokonza zamagetsi ku Luchenza kapena Limbe.

Kusamalira: Kulemba kulikonse kumatenga mpaka 5ms, ndipo nthawi imeneyo chipi siyankha. AT24C256 inagawidwa m'timagawo ta mabayiti 64 totchedwa masamba. Mukalemba modutsa malire a tsamba, siipitirira ku tsamba lotsatira ayi, imabwerera koyambirira kwa tsamba lomwelo n'kuphimba zimene zinalipo, popanda kukuchenjezani. Komanso laibulale ya Wire, imene Uno imalankhulira ndi chipiyi, imanyamula mabayiti 32 okha paulendo, awiri mwa iwo ndi adiresi, ndiye mzere wathu wa mabayiti 32 uyenera kugawidwa pawiri. Pa EEPROM yamkati gwiritsani EEPROM.update m'malo mwa EEPROM.write, kuti isalembe pamene nambala sinasinthe.

Zoopsa: Malo ndi ochepa, 32KB imadzaza m'masiku 7 pa chitsanzo chathu. Yamkati mwa ATmega328P inalonjezedwa ka 100,000, ndiye kanambala kolembedwa mphindi 10 zilizonse kadzafika malirewo zaka ziwiri zisanathe. Yakunja imafika ka 1,000,000, zimene ndi zaka 19 pa liwiro lomwelo, koma mukamalemba mphindi iliyonse zimatsika kufika pansi pa zaka ziwiri. Voteji ikamatsika pang'onopang'ono, monga imachitira batire ikamafa, microcontroller imatha kusokonekera n'kulemba zinyalala. Yatsani brown-out detector (kadera koimitsa microcontroller voteji ikatsika) pa 2.7V kapena 4.3V malingana ndi dera lanu.

NOR flash

Mtengo: Pa ndalama zochepa palibe chipi yowotcherera imene imapereka malo ochuluka chonchi. W25Q128JV ya Winbond, ya 16MB, ili pa dola imodzi kapena ziwiri, ndipo chitsanzo chathu chingatenge zaka pafupifupi 10 kuti chiidzaze. Mabodi ambiri a ESP32 ali kale ndi 4MB ya mtundu womwewu.

Kupezeka: Kwabwino. BIOS ya laputopu yakufa, rauta kapena dekoda nthawi zambiri imakhala chipi ya miyendo 8 ya banja lomweli. Werengani zilembo zakumapeto kwa dzina la chipi: JV ndi ya 3.3V, koma FW ndi JW ndi za 1.8V ndipo zimapsa pa 3.3V. Kachipangizo kakuda ka CH341A kamene okonza malaputopu amawerengera machipiwa kamatulutsa 5V pa mawaya a deta ngati sikanakonzedwe, choncho yezani kaye.

Kusamalira: Apa ndiye pali ntchito. Flash imalemba posintha 1 kukhala 0, koma kubweza 0 kukhala 1 kumafuna kufufuta chigawo chonse cha 4KB, zimene zimatenga pafupifupi 45ms ndipo zimatha kufika 400ms. Njira yabwino ndi kulemba mozungulira: chigawo chimodzi chimalandira mizere 128, chimadzaza m'maola 21, mumapita chotsatira, ndipo mukafika kumapeto kwa chipi mumabwerera koyamba. Musasunge kanambala ka pamene munalekezera mu flash. Ikani nambala yotsatizana pa mzere uliwonse, ndipo chipangizo chikayaka chifufuze chokha mzere womaliza wokhala ndi CRC yolondola. Ngati simukufuna kudzilembera zonsezi, LittleFS, pulogalamu yosanja mafayilo mu flash, inapangidwira ntchito yomweyi ndipo imapirira kuduka kwa magetsi.

Zoopsa: Chigawo chilichonse chimafufutika ka 100,000. Mukamazungulira, malire amenewo simudzawaona. Mukamafufuta chigawo chomwechomwecho pa mzere uliwonse, chigawocho chafa zaka ziwiri zisanakwane. Magetsi akaduka pakati pa kufufuta, chigawocho chimatsala chosadalirika, lero chiwerengeke chonchi mawa mwina, chifufuteninso musanalembemo. Kutulutsa deta kumafuna laputopu ndi waya, kapena Bluetooth, zimene si zophweka mukakwera ku Lichenya, pa phiri la Mulanje, mvula ili m'mutu.

Khadi ya microSD

Mtengo: Madola ochepa pa magigabayiti ambiri. Ya industrial (yopangidwira ntchito zolimba) imadula kangapo, ndipo kusiyana kwake n'kwenikweni.

Kupezeka: Paliponse, pa Chitakale, pa Goliati, pa boma la Thyolo. Vuto ndi lakuti zabodza n'zambiri: khadi yolembedwa 32GB pamene mkati muli zochepa, imalandira mafayilo bwinobwino koma akale akufufutika mwakachetechete. Iyezeni ndi H2testw pa Windows kapena F3 pa Linux isanalowe m'bokosi.

Kusamalira: Ubwino wake waukulu ndi woti aliyense angathe kuzula khadi, kuika ina, n'kutsika nayo. Musatsegule ndi kutseka fayilo pa mzere uliwonse. Sonkhanitsani mabayiti 512, amene ndi mizere 16, mulembe kamodzi. Yambani fayilo yatsopano tsiku lililonse kuti ikawonongeka muluze tsiku limodzi lokha. Dulani magetsi a khadi ndi transistor pamene siikugwira ntchito, chifukwa makhadi ena sagona bwino.

Zoopsa: Polemba imatha kukoka 100mA kapena kuposa, ndipo malamulo a SD amailola kukhala yotanganidwa mpaka 250ms. Pa masamu athu aja, 0.1A × 0.25s ÷ 0.5V ndi 0.05F, kutanthauza supercapacitor, osati kakapasita ka pa bodi. Mkati mwa khadi muli kakompyuta kake kamene kamasuntha deta popanda kukuuzani, ndiye magetsi akaduka mutha kuluza ngakhale mafayilo a mwezi watha, kapena tebulo lonse la FAT, limene limasonyeza pamene fayilo iliyonse ili. Ndiponso ndiyo yokhayo pa mndandandawu imene imadalira timapini togundana m'malo mowotcherera. M'chinyezi cha Mulanje timapiniti timachita dzimbiri. Ikani silica gel yoyamwa chinyezi m'bokosi ndipo muziisintha paulendo uliwonse.

FRAM

Iyi si ya resistance. Imasunga deta potembenuza mbali imene magetsi apendekera m'kachidutswa ka seramiki yotchedwa PZT. Taiika pano chifukwa ntchito zambiri zimene anthu amafunira ReRAM, FRAM inazigwira kalekale.

Mtengo: Yodula pa bayiti iliyonse. MB85RC256V ya 32KB ili pa madola angapo, kuwirikiza kangapo EEPROM ya kukula komweko. Za 512KB monga MB85RS4MT zimadula kwambiri.

Kupezeka: Kuitanitsa kunja basi, koma ogulitsa ndi ambiri ndipo timabodi tokonzeka kale tilipo. Opanga akuluakulu ndi awiri: Fujitsu (nthambi yake ya memori inasintha dzina kukhala RAMXEED mu 2025), ndi Infineon imene inatenga mzere wa Ramtron kudzera ku Cypress. Texas Instruments ili ndi banja la MSP430FR, limene pulogalamu ndi deta zonse zimakhala mu FRAM yamkati.

Kusamalira: Pafupifupi palibe. MB85RC256V ili ndi miyendo yofanana ndi 24C256, imagwira pa 3.3V ndi 5V, ndipo ilibe masamba, ilibe kufufuta, ilibe kudikira. Bayiti ikangofika yalembedwa. Kupirira kwake ndi 10^12 pa bayiti: kulemba sekondi iliyonse pamalo amodzi, kumene kungaphe EEPROM m'masiku 12, pa FRAM kungatenge zaka zoposa 30,000. Capacitor ya 100µF ndi yokwana kumalizitsa mzere magetsi ataduka.

Zoopsa: Kuchepa kwa malo. Kuwerenga nako kumawerengedwa pa kupirira kuja chifukwa FRAM imalembanso ikatha kuwerenga, ngakhale pa manambala amenewa si nkhawa. Choopsa chenicheni ndi liwiro lake lomwelo: pulogalamu ikasokonekera imatha kuphimba chipi yonse kanthawi kochepa. Sungani makope awiri a manambala ofunika, lililonse ndi CRC yake, ndipo muzilemba mosinthanasinthana.

MRAM

Mtengo: Yodula kuposa zonse zimene tatchula. MR25H40 ya Everspin, ya 512KB, imapitirira madola 10.

Kupezeka: Kwa ogulitsa akuluakulu a kunja okha, ndipo kawirikawiri m'paketi ya DFN, yopanda miyendo yotulukira kunja, imene kuiwotcherera kumafuna mpweya wotentha.

Kusamalira: Monga FRAM, ilibe kufufuta kapena kudikira, ndipo imathamanga mpaka 40MHz pa SPI (njira imene chipi imalankhulira ndi microcontroller). Imawerengedwa poyeza resistance monga ReRAM, koma chimene chimasintha ndi maginito a tizigawo tiwiri tolekanitsidwa ndi oxide yopyapyala.

Zoopsa: Imadya karenti yambiri kuposa FRAM, zimene pa batire ndi sola yaing'ono zimamveka. Ili ndi malire a maginito amene ingapirire, olembedwa mu datasheet (chikalata cha wopanga chofotokoza chipi). Ngati bokosi lanu likakhala pafupi ndi jenereta ya magetsi a madzi monga ya ku Bondo, kapena pambali pa mota ya fakitale ya tiyi, malirewo awerengeni, ndipo musamamatize bokosilo ndi maginito.

ReRAM

Kuti zoopsa zake zimveke, tiyambe ndi mmene imagwirira ntchito. Selo imodzi ndi zitsulo ziwiri zokhala ndi oxide pakati, kawirikawiri ya hafnium kapena tantalum, yochindikala mananomita ochepa chabe. Ikangopangidwa oxide imeneyi siidutsa magetsi. Poyamba amaipatsa voteji yokwererapo, ntchito imene amati forming: maatomu ena a okosijeni amachoka m'malo awo, ndipo mipata yotsalayo imalumikizana n'kukhala kanjira kopyapyala kodutsa magetsi kuchokera ku chitsulo china kufika ku chinzake. Kuyambira pamenepo, voteji yambali ina imabweza okosijeni n'kudula kanjirako pang'ono, resistance n'kukwera; ndiye RESET. Voteji yambali inayo imakalumikizanso, ndiye SET. Magetsi akazima maatomu amakhala pomwe ali, ndipo ndi mmene deta imasungikira. Mtundu wina, CBRAM, umapanga kanjirako ndi maatomu a siliva kapena kopa m'malo mwa mipata ya okosijeni.

Vuto lonse la ReRAM lili pa kanjira kameneka. Kali ngati njira yachidule yodutsa m'munda wa tiyi: ikatsekedwa n'kutsegulidwanso siidutsa ndendende pomwe inadutsa kale. Resistance imene mumapeza lero imasiyana ndi ya mawa pa selo yomweyo, ndipo selo ndi selo zimasiyananso. Karenti ikachuluka pa SET, kanjirako kamanenepa mpaka RESET kulephera kukadula, selo n'kufa ili yodutsa magetsi nthawi zonse. Ikachepa, kamakhala kowonda ndipo kutentha kumakadula kokha pakapita nthawi. N'chifukwa chake selo iliyonse m'machipi ogulitsidwa ili ndi transistor yake yochepetsa karenti, ndipo chipi imalemba, kuwerenga, n'kulembanso mpaka nambala ikhale bwino, kenako n'kuonjezera ECC (mabiti okonzera zolakwika). Maselo akangolukidwa mopingasa popanda transistor, karenti imazembera m'maselo oyandikana n'kusokoneza kuwerenga, ndipo kupeza kachipangizo kodalirika kotseka njira zozemberazi ndi chimodzi mwa zimene zalepheretsa ReRAM kulowa m'malo mwa flash ya magigabayiti.

Nkhaniyi si yatsopano. T. W. Hickmott anafotokoza khalidwe loterelo m'ma oxide opyapyala mu 1962, Leon Chua anabweretsa ganizo la memristor (resistor yokumbukira magetsi amene anadutsamo) mu 1971, ndipo gulu la Stanley Williams ku HP Labs linalumikiza ziwirizi mu 2008 pogwiritsa ntchito titanium dioxide. Panasonic inayamba kugulitsa microcontroller yokhala ndi ReRAM mu 2013. Chimene chasintha posachedwa ndi chakuti flash yomangidwa mkati mwa microcontroller imavuta ndiponso kudula kuichepetsa kupitirira 28nm (mananomita, muyeso wa kuchepa kwa tizigawo ta chipi), ndiye mafakitale monga TSMC akupereka ReRAM pa 40nm ndi 22nm m'malo mwake. Infineon inaisankha pa AURIX TC4x ya m'magalimoto, ndipo GlobalFoundries inagula luso la CBRAM kwa Renesas mu 2023. Mwachidule, ReRAM ikufika kwa ife itabisala mkati mwa microcontroller, osati ngati chipi yoima payokha.

Mtengo: Pali njira zitatu zosiyana kwambiri. Yoyamba ndi chipi yapayokha ya Fujitsu, MB85AS4MT ya 512KB imene inatuluka mu 2016, kapena MB85AS8MT ya 1MB ya mu 2019; pa bayiti imodzi imadula kuposa flash kutalitali. Yachiwiri ndi microcontroller monga nRF54L15 ya Nordic, imene ili ndi 1.5MB ya ReRAM ndi Bluetooth. Apa memori simuilipira padera, mumangogula bodi yoyesera ya madola makumi angapo. Yachitatu ndi machipi ophunzirira a kampani ya Knowm, okhala ndi ma memristor 8 osalumikizana m'paketi ya miyendo 16, amene imodzi imaposa mtengo wa Arduino zingapo ndipo sasungira deta ya ntchito.

Kupezeka: Kovuta pa njira yoyamba. Wopanga ndi mmodzi, ogulitsa ndi ochepa, ndipo machipiwa anawapangira zinthu monga zothandizira kumva ndi mawotchi, choncho ena amabwera m'paketi ya 2mm × 3mm yosatheka kuwotcherera pamanja. Funani ya paketi ya SOP ya miyendo 8, yotheka kuwotcherera pamanja. Mabodi a Nordic amapezeka mosavuta kwa ogulitsa akunja.

Kusamalira: Chipi ya Fujitsu imalankhula SPI mofanana ndi EEPROM, siifuna kufufuta musanalembe, ndipo imagwira kuyambira pa 1.6V pa mtundu wa 1MB. Mphamvu yake yeniyeni ndi kuwerenga: pafupifupi 0.15mA pa 5MHz. Kulemba tsamba kumatenga mamilisekondi angapo, ndiye muyenera kudikira ndi kufunsa status register (kanambala konena ngati chipi yamaliza) monga pa EEPROM. Amene anawerenga kuti ReRAM imasintha m'mananosekondi asadabwe. Imeneyo ndi selo imodzi mu labu, osati chipi yokhala ndi kulemba kotsimikizira kuja. Pa nRF54L15 gwiritsani ZMS, pulogalamu yosungira deta ya mu Zephyr (sisitimu yoyendetsa chipiyi), imene inapangidwira memori yosafuna kufufuta, m'malo mwa NVS yakale imene imataya maulendo olemba poyerekezera kufufuta kosafunika.

Zoopsa: Kupirira kwa chipi ya Fujitsu kuli pa ka 1,000,000, mofanana ndi EEPROM yakunja, kutali kwambiri ndi FRAM. Yomangidwa mkati mwa microcontroller kawirikawiri imalonjezedwa zochepa kuposa pamenepo, m'dera lomwelo la flash yamkati, choncho kanambala kolembedwa pamalo amodzi kaja kadzaipha chimodzimodzi. 1MB imadzaza m'masiku 227 pa chitsanzo chathu, nyengo imodzi ya mvula ndi pang'ono. Choopsa china ndi cha msika. Intel ndi Micron analengeza 3D XPoint mu 2015, memori ya phase-change imene nayo imasunga posintha resistance. Micron inasiya mu 2021, Intel inatseka Optane, dzina limene inkaigulitsira, mu 2022, ndipo amene anamangira zinthu zawo pa iyo anatsala m'madzi. Musamange ntchito ya zaka 10 pa chipi ya wopanga mmodzi popanda njira yobwerera. Mwayi wake ndi woti ReRAM ya SOP-8, FRAM ya SPI ndi NOR flash zimayala miyendo mofanana kwambiri, ndiye bodi imodzi ingalandire iliyonse mukafananiza ma datasheet musanajambule.

Iti pa ntchito iti

Ngati mukungosunga manambala a calibration, dzina la siteshoni ndi zina zosintha kamodzi pamwezi, EEPROM imene ili kale pa bodi ndi yokwana. Musagule china.

Choyezera mvula kapena mtsinje chokhala miyezi osachezeredwa, pa Chambe, pa Lichenya kapena m'munsi mwa Ruo: FRAM ya 32KB pamodzi ndi W25Q128JV. Kauntala ya kachidebe, nambala ya mzere ndi mizere yatsopano zizilowa mu FRAM nthawi yomweyo. Ikakwana mizere 128 muisamutsire mu flash kamodzi, pokhapokha batire ili pamwamba pa voteji imene mwaika, mwachitsanzo 3.6V pa selo ya lithium ya 18650. Sabata ya mitambo ija FRAM imasunga yokha masiku 7 popanda kukhudza flash.

Pamene deta imatengedwa ndi kapitawo wa m'munda kapena mlonda wa siteshoni amene alibe laputopu, microSD ndiyo yothandiza, koma isakhale yokha. Ikani FRAM kutsogolo kwake, batani loti munthu adinize asanazule khadi, ndi kanyali kosonyeza kuti kulemba kwatha. Zojambula mawu kapena zithunzi, monga kamera yoyang'ana tizilombo m'munda wa makadamiya, zilibe njira ina koma khadi. Pamenepo lipirani ya industrial.

Mita yowerengera mayunitsi a magetsi kapena madzi, yolemba sekondi iliyonse pa magetsi ozimazima: FRAM. MRAM ndi ya pamene mukufuna theka la megabayiti lolembedwa mothamanga kwambiri, magetsi alipo okwana, ndipo ndalama si vuto. Ntchito zotere m'maboma athu a Thyolo ndi Mulanje n'zochepa.

Kachipangizo kakang'ono ka Bluetooth koyendera batire ya kandalama, monga koyeza chinyezi cha masamba a tiyi pofota kapena kutentha kwa mkaka pa malo osonkhanitsira ku Bvumbwe: nRF54L15 ndi chisankho chabwino, ndipo ReRAM mudzaigwiritsa ntchito osaiganizira n'komwe. Chipi ya ReRAM yapayokha ndi yoyenera pamene chipangizo chimawerenga tebulo lalikulu kawirikawiri koma n'kulemba mwa apo ndi apo, pa batire yaing'ono kwambiri.

Wophunzira amene akufuna ReRAM yeniyeniyo ngati mutu wa kafukufuku asayambe ndi maloto opanga selo yake. Zimenezo zimafuna makina oyala tizigawo topyapyala (sputtering kapena ALD), chipinda chopanda fumbi, ndi source measure unit (chida chopereka ndi kuyeza voteji ndi karenti) ya mtundu wa Keithley, ndiye zimatheka pogwirizana ndi labu imene ili nazo. Zotheka pa tebulo ndi ziwiri. Choyamba ndi chipi ya Knowm ndi Analog Discovery (kachipangizo ka USB kopanga ndi kuyeza ma signal), kapena oscilloscope ndi signal generator: ikani resistor ya 10kΩ kapena kuposa motsatizana ndi memristor, yambani ndi sine yosafika 1V pa ma hertz ochepa, jambulani karenti ndi voteji kuti muone mzere wopindika ngati 8 wodutsa pa ziro, kenako bwerezani SET ndi RESET kambirimbiri n'kulemba mmene resistance ikumwazikira. Musaiyeze ndi multimeter pa ohms, chifukwa voteji ya mitayo imatha kusintha kapena kupha selo, ndipo valani lamba wa ESD (woteteza chipi ku magetsi a static). Chachiwiri ndi kompyuta yokha: LTspice, pulogalamu yoyerekezera madera a magetsi, ndi yaulere ndipo imalola kuyesa karenti yozembera m'maselo opingasa, pamene pulogalamu ya NeuroSim ya gulu la Shimeng Yu imayerekeza zimene zimachitika neural network (netiweki yophunzira kuzindikira zinthu) ikaikidwa m'maselo a ReRAM osafanana. Kumeneko ndi kumene kafukufuku wambiri wapita, kuchita masamu mkati mwa memori momwemo. Chipi ya NeuRRAM ya mu 2022, ya magulu a Stanford, UC San Diego ndi Tsinghua, inali ndi maselo pafupifupi 3 miliyoni m'zigawo 48. Funso loti netiweki yaing'ono yozindikira matenda pa tsamba la tiyi imataya kulondola kochuluka bwanji resistance ikamwazika ndi 10 kapena 20 peresenti lingayankhidwe ndi laputopu, zithunzi zojambulidwa m'minda ya kuno, ndi semesita imodzi.